Mpulotesitanti Pansi pa Chikhodzodzo

A Yoramu a ku Sharpevale anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi jekete lachikopa ndi makutu ogontha, moti adokotala atawayeza za vuto la kukodza modontheza, amene anamva zonse anali akazi awo, a Esnath, mayi wosadziwa kuzungulira ponena zinthu. Tsiku lobwerera kuchipatala ku Blantyre, wakabaza wa njinga yamoto wokawasiya pokwerera basi akudikira kale panja, mkuluyo anavula nsapato n'kudzigwetsa pampando.

"Sindipita. Mundiuze kaye bwinobwino, anapeza chiyani?"

"Ndinanena kale, bambo a Tracy. Pulotesiteti yanu yatupa."

"Pulo chiyani?"

"Pulotesiteti!" a Esnath anakuwira kukhutu.

A Yoramu anachita chizindikiro cha mtanda. Paja anali wapampando wa mphakati, munthu wosajomba Misa ngakhale mtsinje utadzaza.

"Mpulotesitanti? Mwa ine? Ali pati?"

"Pansi pa chikhodzodzo. Akuti kukula kwake ngati kachewere wamng'ono."

"Analowa liti?"

"Akuti chibadwire."

"Bodza! Ine ndinabatizidwa ndili wakhanda!"

"Madziwo anakuthirani pamutu. Uyu ali kumunsi."

Wakabaza analiza hutala. A Esnath anatola nsapato n'kuziika pamapazi pa amuna awo, iwo n'kuzikankhira pansi pa tebulo.

"Akufuna akatapeko kachidutswa," anatero mayiwo, "aone ngati ndi khansa. Akuti tikachedwa ifalikira."

Liwu loti khansa lokhalo makutu ogontha aja analimva bwinobwino, ndipo mantha anawagwira. Koma Mngoni wamkulu sanena kuti ndikuopa, amafunafuna mlandu. Nawonso a Esnath mtima unali m'mwamba, chifukwa umasiye sankaufuna.

"Kachidutswako akachita nako chiyani?"

"Kuli anthu ofufuza. Akusakamo maselo a tsinde."

"Maselo? Akufuna akamutsekere kupolisi?"

"Ayi. Ndi timbewu ta m'thupi tosaoneka ndi maso. Akuti ena mwa maselowo ali ngati chitsa cha bulugamu. Ukadula mtengo, chitsa chimaphukanso. Akufuna awadziwe amenewo, kuti matenda asamabwerere."

"Khalidwe lawo lenileni!" a Yoramu anamenya tebulo. "Ukawathamangitsa pano, mawa wawapeza akuimba pansi pa mtengo wa mango."

"Za kuimba sananene. Anati amachulukana pogawikana. Limodzi limagawika pawiri, awiriwo n'kugawikanso."

"Mwamva? Mwamva nokha? Mpingo umodzi m'mawa, pofika madzulo mipingo inayi, uliwonse ndi abusa ake! Moti panopa m'mimba mwangamu muli mipingo ingati?"

"Sanawerenge. Ndiye chifukwa chake akukuitanani."

"Sindipita. Munthu wa mpingo wina sakambidwa kuchipatala. Ndikawauza abambo mfumu amuwaze madzi odalitsa."

"Akawaza bwanji poti ali m'kati?"

"Ndimwa!"

"Mukamwa mukodza bwanji, poti watseka njira ndi iyeyo?"

A Yoramu anatembenuka. Anawayang'ana akazi awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anawaloza chala pang'onopang'ono.

"Ndadziwa. Mwandipatsira ndinu."

"Ine?"

"Inu amene! Kwanu konse ndi a CCAP. Amayi anu anali a Mvano. Munalowa Chikatolika chifukwa cha ukwati, koma tsinde munabwera nalo. Zaka zonsezi bulangete limodzi, ndimati ndikugona ndi mkazi, osadziwa kuti akundilalikira!"

"Sizingatheke," anatero a Esnath modekha, akumanga chitenje. "Ndinafunsa. Akuti akazi alibe."

"Alibe?"

"Ngakhale mmodzi. Ndi ya amuna okhaokha. Mwamuna aliyense ali nayo."

"Aliyense? A katekisiti?"

"Ali nayo."

"Abambo mfumu?" Mawu anatsika.

"Ngati ndi amuna."

"Aepisikopi?"

"Poti ndi achikulire, mwina yawo inatupa kuposa yanu."

Panja wakabaza anali atazimitsa njinga, akumvetsera pazenera mopanda manyazi. A Yoramu anaweramira pansi, milomo ikugwedera ngati akuwerenga kolona. Kenaka anadzutsa mutu.

"Ndiye kuti m'nyumba muno…"

"Mkatolika wathunthu ndine ndekha, inde," anatero a Esnath. "Inu ndinu theka. Kuyambira pamchombo kukwera."

Mkulu uja anagwada n'kukwawira pansi pa tebulo. Anatulukamo ndi nsapato, n'kuvala yakumanja kumanzere, yakumanzere kumanja. Pomwe a Esnath ankatseka zenera, iwo anali atakwera kale panjinga, akumenya wakabaza paphewa kuti alize.

"Bwanji tsopano, bambo a Tracy? Mwavomera akatape kachidutswa?"

"Kachidutswa ka chiyani? Akamuzule yense, ndi tsinde lomwe! Ine ndingaposedwe Chikatolika ndi mwana wa Mvano?"