Maondo a Amayi Amasiye a ku Kabushi

Anzanga, siyani kaye zochita, khalani mumve izi. Ine yoga, masewera owongola thupi aja, ndinaphunzira ndekha pa foni, ndimaphunzitsa azimayi onenepa kwathu ku Kabushi. Tsiku lina amayi ena amasiye anatsalira anzawo atapita. Anati, "Mwana wanga, ine za kuonda ayi. Pa maliro a amuna anga ndinalephera kukhala pansi ngati mwambo wathu chifukwa cha maondo, anandipatsa mpando. Achibale awo mpaka lero amati ndine wonyada, sindinalire. Mwezi wamawa tikuvumbula chiliza, undithandize ndikathe kukhala pansi."

Tayesa mwandi! Tagwira khoma, tagwira mpando, koma maondo akungotupa. Mavidiyo anga onse ndi a anthu oonda okhaokha. Dzulo amayiwo anafikadi pansi, koma kudzuka kunakanika, analira. Mawa akubweranso. Inuyo mukanatani anzanga, kupitiriza kapena kuwauza kuti akakhalenso pampando?