Ndinakafika ku Usisya Wapansi

Aulutsi ndi omvera anzanga, ndine bambo wokalamba wa ku Nkhata Bay. Mng'ono wanga anamira ine ndikupalasa bwato, ndipo kuyambira pamenepo sindikweranso chilichonse choyandama. N'chifukwa chake manda ake ku Usisya, komwe anthu ambiri amapitako pa boti, ndinali ndisanawaonepo.

Nditamva kuti gulu loyenda wapansi la kumpingo kwathu likupita kumeneko Loweruka, kudzera m'mapiri a m'mbali mwa nyanja, ndinalowa nawo. Kulakwa kwanga kunali kuvala nsapato za kutchalitchi. Pofika masana, matuza anali ataphulika.

"Adada, tikuimitsireni boti," anatero mtsogoleri wathu.

"Iyayi mwanawe, ungondinyamulira nsapatozi."

Ndinapitiriza wopanda nsapato. Lamlungu titafika, mkazi wa malemuyo anayang'ana mapazi anga, kenako anandipatsa khasu.

"Mwachedwa, alamu, koma udzu wakudikirani. Tiyeni kumanda."