Makina otsuka aja ndinali ine

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ndiyambe ndi kupepesa kuti munthu ngati ine ndalimba mtima n'kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi ku Ntcheu, ndipo mukudziwa kuti ndikapatsidwa mpata woyankhula mumpingo mawu amandithawa. Abusa ndi amene anati ngati pakamwa pakukanika, ndilembe. Mukaona zilembo zokhota musadabwe, chala changa cholozera cha kumanja n'chachifupi tsopano. Nkhani ya chala chimenechi ndiyo ndikufuna kukuuzani. Ndi yonyansa, ndipo mwina ena a inu simudzafuna kudya tinsomba ta kapenta sabata ino. Mundikhululukire.

Nditabwera kuno ku Halale ndinafikira kwa amalume anga a Chikaonda ku Tafara. Iwo ndi amene anandipezera ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Willowvale. Mwini wake anali mzungu amene tinkamutchula Bwana Mapensulo, chifukwa khutu lililonse linkakhala ndi pensulo yake. Popeza mayiko akunja anasiya kugulitsa katundu kudziko lino, zitsulo za makina zinkasowa, ndiye iye ankakonza zakale. Ntchito yathu yambiri inali ya mapampu ochotsa madzi m'maboti ogwira kapenta ku Kariba.

Mapampuwo ankafika pa lole atakulungidwa m'masaka, atakhala padzuwa masiku angapo. Lole isanalowe pageti fungo linkakhala litafika kale. Mkati mwa pampu iliyonse munkakhala phala lakuda la nsomba zowola losakanikirana ndi dizilo, ndipo mphutsi zinkatuluka m'mabowo n'kumagwera pansapato. Okonza sakanagwira pampu yotere. Inkayenera kuyamba yatsukidwa, ndipo ntchito imeneyo ndiyo anandipatsa.

Bwana anali atapanga yekha makina otsukira. Unali mgolo waukulu wachitsulo wokhala ndi chivindikiro, mota, ndi timapaipi topopera madzi otentha osakaniza ndi soda wamphamvu uja wonyeketsa khungu. Mu ofesi mwake munali pepala la m'galasi lokhala ndi chidindo chofiira. Ankalitcha patenti. Baba Moyo, Mshona wowotcherera zitsulo, anandifotokozera kuti pepalalo likunena kuti boma lavomereza kuti nzeru imeneyi ndi ya bwana yekha, wina asatengere. Mlendo aliyense wolowa mu ofesimo ankayamba waimikidwa pamaso pa pepalalo asanapatsidwe mpando.

Malangizo anga anali ochepa. Nthawi ya nkhomaliro, onse akapita kukadya, ndiike mapampu mumgolo, nditseke, ndiyatse. Makina akamaliza, nditulutse mapampuwo ndi kuwayala patebulo kuti bwana adzawapeze akabwera.

Tsiku loyamba ndinachita zonse monga anandiuzira. Mapampu anatuluka akuwala kunja. Koma ine ndine munthu wamantha, ndimabwereza kuona chinthu kawiri. Ndinalowetsa chala m'bowo la pampu imodzi, ndipo chinatuluka chili ndi phala lija, mphutsi yophikika itamatirira pachikhadabo. Mapampu onse a tsikulo, asanu ndi imodzi, anali choncho. Kusukulu kwathu, yankho lako likasiyana ndi la aphunzitsi, wolakwa unkakhala iwe. Nanga makina okhala ndi chidindo cha boma angalakwe? Ndinaganiza kuti ndine ndalakwitsa penapake, ndipo akadziwa andichotsa tsiku loyamba lomwe.

Ndinatunga madzi a soda mumgolomo ndi ndowa, n'kupita kuseri kwa shedi ya makinawo komwe kunali ngalande. Kumeneko ndinakolowola pampu iliyonse ndi zala zanga, pakuti m'makona a mkatimo nsanza kapena kamtengo sizinkafika. Bwana atabwera anatsegula pampu imodzi, anaiyang'ana padzuwa, n'kumwetulira. Anasisita mgolo uja ngati ng'ombe yake, kenako anandigwedezera mutu. Abale, ndisabise, mtima wanga unasangalala kwambiri. Tchimo langa linayambira pa kusangalala kumeneko.

Mawa lake ndinaonjezera soda. Linalo ndinachepetsa mapampu. Ndinayesa kuwagoneka, kuwaimika, kuwazondotsa. Palibe chinasintha. Pofika sabata yachiwiri ndinadziwa kuti wolakwa si ine, makinawo ankangosambitsa kunja. Koma ndinali nditayamba kale bodza, ndipo tsiku lililonse linkakula. Kwa miyezi isanu ndi iwiri sindinadye nkhomaliro. Ola limenelo ndinkakhala nditagwada pangalande, ntchentche zili kumaso, ndikumeza malovu kuti ndisasanze.

Khungu la m'manja linayamba kusupuka ngati la mbatata yophika. Kenako zala zinang'ambika m'mfundo, phala lija n'kumalowa m'ming'alumo. Zikhadabo ziwiri zinagwedera n'kuthothoka. Fungo silinkachokanso ngakhale ndisambe ndi sopo, mandimu kapena phulusa, chifukwa tsopano silinali la nsomba zokha, linali la mnofu wanga. M'basi yochokera m'tauni anthu ankandisiyira mpando wonse. Mayi wina anandifunsa mokweza kuti, "Achimwene, m'thumbamo mwanyamula galu wakufa?" Basi yonse inaseka, ine ndinangoyang'ana pawindo. Kunyumba azakhali, akazi a amalume, anayamba kundiikira sadza, nsima ya kuno, pambale yangayanga, ndi sipuni. Sindinawadandaule. Inenso manja amenewo sindikanafuna kuti alowe m'mbale yomwe ndikudya.

Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi ndinalimba mtima n'kuwauza amalume kuti makina a bwana satsuka.

Anaima pamsewu n'kuyang'ana uku ndi uku. "Iwe mphwanga, tseka pakamwa. Mzungu akati makina ake amatsuka, ndiye kuti amatsuka. Nkhondo ili mkatiyi, munthu wakuda wonenera makina zoipa amamutcha wowononga dala. Ukufuna akulembe zoipa pachitupa, akukweze sitima yobwerera kumudzi? Amayi ako ndikawauza chiyani?"

Ndinatseka pakamwa. Ndinayamba kuvala masokosi akale m'manja, ndipo ofunsa ndinkawanamiza kuti ndinapsa ndi sitovu ya primasi. Ena a inu munandipatsa moni m'masokosi amenewo. Pemphero langa linali limodzi lokha, lakuti Ambuye awononge makinawo kuti ine ndipume popanda kunena kanthu. Ndinapempha mota upse, paipi iphulike, ngakhale mphezi igwere shediyo. Koma mota ndi chinthu chokhacho chomwe bwana anachipanga bwino. Sunadwalepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndinayamba kuganiza kuti Mulungu nayenso akunyansidwa nane.

Kenako bwana anatisonkhanitsa ali wosangalala. Anati chipatala china chachikulu chikufuna kugula makina ake. Kumeneko ali ndi timapampu toyamwa magazi ndi mafinya m'mabala, ndipo chifukwa cha kuchuluka kwa ovulala kunkhondo, otsuka sakukwanitsa. Anzanga anawomba m'manja. Ine ndinapita kungalande n'kusanza. Ndinadzifunsa kuti kuchipatalako adzagwade kuseri ndi ndani? Palibe. Pampu idzatuluka yowala kunja, mkati muli zowola za wodwala wina, n'kukaiika pabala la mwana wa munthu. Ndinaziona zonsezi bwinobwino, komabe bwana atadutsa ndinavula chipewa n'kumwetulira. Pa zonyansa zonse zomwe ndinagwira ku Willowvale, palibe chinandinyansa kuposa kumwetulira kumeneko.

Tsiku loonetsa makina kunabwera mkulu wa anamwino, mayi wachizungu woonda, pamodzi ndi namwino wina wachikulire dzina lake Mayi Zulu. Ndinamva pambuyo pake kuti makolo awo ndi a ku Chipata ndipo amakhala ku Mabvuku. Anabweretsa timapampu tawo tiwiri tosatsuka. Ine chiyembekezo changa chinali pa nkhomaliro, kuti akapita kukadya ndichita zanga zija, ngakhale zala zinali zitatupa moti sizinkapindika. Bwana anawaitanira ku hotela, koma mkulu uja anakana. Anati anabwera kudzaona makina, osati chakudya. Bwana anawabweretsera mipando, iwo n'kukhala pomwepo moyang'anizana ndi mgolo.

Nthawi yonse yomwe makina ankazungulira ndinaima pafupi ndi mota. Sindinapemphenso kuti makina awonongeke. Mumtima ndinangoti, Ambuye, ndatopa, chitani zomwe mukufuna.

Makina atazima ndinatulutsa timapampu tija tikuwala. Bwana anayamba kale kufotokoza za pepala lake. Mkulu wa anamwino anangomasula pampu imodzi n'kuipendeketsa patebulo. Munatuluka chibuluma chakuda cha magazi ophikika, chikutsetsereka pang'onopang'ono, ndi fungo lomwe linachititsa Baba Moyo kuthawira panja.

Bwana anafiira mpaka m'khosi. Poyamba anakuwa kuti ndachepetsa soda. Kenako anati makinawa sanalepherepo miyezi yonseyi, ndiye kuti pali anthu andituma kuti ndimuwonongere, ndipo aimbira apolisi. Mawu a amalume aja anakwaniritsidwa.

Apo ndi pomwe Mayi Zulu ananyamuka pampando. Sanayang'ane bwana, anayang'ana manja anga. Anandiyankhula m'chinenero chathu.

"Mwanawe, kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu, mayi."

"A ku Ntcheu masokosi amavala m'manja? Tavula ndione."

Ndinayesa, koma anali atamatirira kuzilonda. Anatulutsa sizasi m'thumba la yunifolomu n'kuwadula pang'onopang'ono. Atachotsa, manja anga anaonekera poyera. Ngakhale ine ndinali ndisanawayang'ane masana kwa masiku ambiri. Chala cholozera chinali chitada kunsonga.

"Izi si za primasi, ndipo si za lero," anatero Mayi Zulu. "Ndagwira mabala zaka zambiri, usandinamize. Manja awa wakhala ukuchita nawo chiyani? Nena m'Chichewa, Chingerezi ndisiyire ine."

Sindikudziwa kuti mawu anachokera kuti. Ndinanena zonse, kuyambira tsiku loyamba, iwo akumasulira chiganizo ndi chiganizo osachotsapo kanthu. Ndinawatsogolera kuseri kwa shedi n'kuwaonetsa ndowa yanga, malo omwe maondo anga anakumba pansi, ndi mulu wa phala louma m'mbali mwa ngalande. Pomaliza ndinati, "Pepani bwana, makina otsuka aja ndinali ine."

Bwana anayang'ana muluwo nthawi yaitali. Apolisi sanawaimbire. Anangoti ndisadzaonekenso pamalo pake, n'kulowa mu ofesi, kutseka chitseko. Ntchito inathera pomwepo, ndipo ndinaona ngati sitima ija yafika kale. Koma Mayi Zulu anandigwira pachigongono n'kunena kuti, "Kwera galimoto yathu. Ukulira ntchito, pomwe dzanja likukuthawa?"

Kuchipatala adokotala anadula nsonga ya chala chija. Anati ndikanachedwa pang'ono likanapita dzanja lonse. Amalume anabwera kudzandiona atanyamula malalanje. Anakhala m'mbali mwa bedi akusenda, n'kumandiika m'kamwa chidutswa ndi chidutswa ngati mwana. Pochoka anati, "Ndine ndinakutseka pakamwa, mphwanga. Undikhululukire." Sindinawamvepo akupepesa munthu wamng'ono chiyambire.

Sabata yachitatu mkulu wa anamwino anabwera pabedi panga ndi pampu ija, Mayi Zulu ali pambuyo. Ndinaganiza kuti mlandu wayambiranso. Koma anangondifunsa kuti zonyansa zimabisala pati. Ndinawalozera ndi dzanja lamanzere, bandeji ili pomwepo, kuseri kwa kachitseko ka mphira, pansi pa sipuling'i, ndi pakona pomwe paipi imakhota. Malo awiri mwa amenewo otsuka awo sankawadziwa. Zala zanga zinali zitaphunzira m'kati mwa mapampu kuposa amene anawajambula papepala. Anandiuza kuti ndikachira ndidzayambe ntchito m'chipinda chotsukira zida. Lamulo lawo loyamba linali lakuti chinthu chikakana kuyera ndizinena, ngakhale wochibweretsa akhale dokotala wamkulu.

Ndi komwe ndikugwira tsopano. Ntchito yake ndi yonyansabe, sindingakunamizeni, koma ndili ndi magolovesi ofika m'zigongono ndi maburashi aatali, ndipo nkhomaliro ndimadya. Baba Moyo ndinakumana nawo kumsika. Akuti pepala lija likadali pakhoma, koma mumgolomo akutayamo zidutswa za zitsulo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa loyamba. Akanawononga mota uja, bwana akanaukonza, makina akanapita kuchipatala, ndipo ine ndikanakhalabe wabodza wopanda dzanja. M'malo mwake anakhazika amayi awiri pamipando kuti asapite kukadya. Ndikuthokoza Mayi Zulu, amene mpaka lero akandiona amayamba ndi kunena kuti ndionetse manja. Ndikuthokozanso inu amene simunabweze dzanja lanu pondipatsa moni, ngakhale fungo munkalimva.

Ngati pali wina pakati panu amene akugwada kuseri kwa shedi yake, akubisa chowola kuti wamkulu amwetulire, ndikumupempha asadikire mpaka chala chide ngati changa. Apirire m'pemphero, koma akapatsidwa mpata anene zoona, ngakhale mawu atuluke akunjenjemera.

Tsiku lomwe anandimasula bandeji yomaliza, Mayi Zulu anandipatsa pensulo kuti ndilembe dzina langa m'buku la antchito. Inagwa kawiri. Kachitatu ndinaigwira ndi chala chapakati n'kulemba, mokhota momwemo, Elifasi. Linali Lachiwiri lotsatira Pasaka, m'chaka cha 1977.