Kabichi Anaola, a Desanka Anavina

Pamsika wa ku Kragujevac, a Živorad anali pamzere wogula kabichi, akungomwetulira okha. Mayi wina kumbuyo kwawo analephera kuugwira mtima.

"Bambo, anzanufe tinathira kale mchere kabichi wathu m'migolo kuti awawase. Inu mukugula lero?"

"Aka n'kachiwiri, mayi! Mwana wanga watimangira nyumba yopanda mbaula. Mapaipi a madzi otentha anawakwirira m'simenti. Ukaponda pansi, pamafunda ngati buledi wongophula kumene!"

"Nanga kabichi woyambayo?"

"Mapaipiwo anafika mpaka m'chipinda chosungira zakudya. Ine osadziwa, mgolo ndinaukhazika pompo. Anaola yense! Fungo lake, ngakhale galu anathawa."

"Mayo! Phwando la slava, lokumbukira woyera mtima wa banja, layandikira. Uyu sawawasa msanga, alendo mudzawapatsa chiyani?"

"Adzadya wosawawasa yemweyo. Wodandaula adzavule nsapato, adzaiwala."

"Koma bambo inu, mukuseka?"

"Ndilirenji? Akazi anga, a Desanka, kukazizira miyendo inkawaphwanya, ankagona atavala masokosi. Dzulo ndawapeza kukhitchini akuvina opanda nsapato!"

"Eee! Mwana wanuyo amapezeka kuti? Abwerenso kwathu. Mgolo wanga ndikausiya kwa apongozi."