Mitengo ya abwana itayoyola masamba

Aulutsi, ine kwathu ndi ku Mulanje, koma ndimagwira ntchito ya m'gadeni kuno ku Joni.

Nditangoyamba ntchito, abwana anagula timitengo tamthunzi kuti ndibzale m'mbali mwa mpanda. Pofika mu Juni, masamba anachita chikasu n'kuyoyoka onse. Ine ndinati ndi ludzu, poti kwathu mbande ikafota timaithirira. Ndinayamba kuthirira m'mawa ndi madzulo, koma osasintha. Abwana akaima n'kumayang'ana timitengoto, ndinkangoona ntchito yatha, ana kumudzi asiya sukulu.

Ndinadandaulira bambo ena achikulire a ku Dedza, ogwira ntchito panyumba yoyandikana nafe. Anabwera n'kukanda khungwa ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira. Atapisa chala m'dothi, chinatuluka ndi matope.

"Mwanawe, mitengoyi sinafe, yangogona ndi chisanu cha kuno," anatero. "Koma ukapitiriza madzi akowa, mizu iwola."

Ndinachepetsa madzi. Mu Seputembala nditaona timasamba tikuphukira, ndinangokhala pa kapinga, mtima unakhala m'malo.

Anzanga obwera kumene, musanathamangire paipi, yambani mwakanda khungwa. Ine lero nkhomaliro ndimadyera pamthunzi wa mitengo yomwe ija.