Mphasa Yopanda Akwathu

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Sindine wolankhulalankhula, mukundidziwa, choncho mundipirire.

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Julho, cha m'ma quinze horas, dzuwa litapendeka, titangomaliza kumeta maliro a mkazi wanga. Atsibweni ake anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Akamwini, Lachiwiri la sabata ya mkuja tikusudzulani. Mubwere ndi akwanu. Ana ndi a mbumba ino, inu mukapume kwanu ku Chidzolomondo."

Abale, kuno ku Ntengo-Wambalame ine ndine mkamwini. Pa mlandu wotere mkamwini sadzilankhulira yekha, amamulankhulira ankhoswe ake. Ankhoswe anga anamwalira kale. Mkulu wanga anatsalira ku Malawi pamene ife tinkabwerera kuno, nkhondo imene tinathawa itatha, ndipo manda ake ali komweko. Ana anga ndi atatu, wotsiriza ali quinta classe, kalasi yachisanu. Ndiwasiye? Ndinalibe wondiyankhira.

Mnzanga ndinalibenso. Zaka zonsezi moyo wanga unali munda, nyumba, tchalitchi. Ndinkakhala kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko, amen akangomveka ine ndatuluka. Ndinkati mwamuna amasenza yekha.

Lolemba kunabwera a Zakariya, awo akhala pa benchi yachiwiriyo. Anandipeza ndikusankha mbewu ya kachewere pakhonde. Anati, "Achimwene, mwaswera bwanji?" Ndinati ndili bwino. Iwo anati, "Bodza limenelo mukauze mbuzi zanu, mwina zikhulupirira." Anakoka mpando, nayamba kusankha nane. Sanandilalikire. Anabweranso mawa lake, anabweranso mkuja. Tsiku lina pakamwa panga panatseguka pokha, ndinawauza zonse. Ndinalira, abale. Ine amene sindinalire kumanda, ndinalira pamaso pa mwamuna mnzanga, ndipo sindinafe nazo. Tinapemphera pomwepo, manja ali ndi dothi.

Lachiwiri lija anayala mphasa ziwiri. Ya kuchikazi inadzaza. Inayo ndinakhalapo ndekha. Atsibweni akuti ayambe, tinamva kulira kwa mota, njinga yamoto. A Zakariya anatsika ndi bambo wina wa mpingo uno, ena awiri akubwera pansi. Anavula nsapato, nakhala pa mphasa yanga.

Atsibweni anati, "Inu ndinu ndani ake?"

A Zakariya anati, "Ndife abale ake, gogo. Magazi ayi, koma Atate ndi mmodzi. Mwambo sitikuutsutsa. Msudzuleni, amasuke. Koma kusudzula si kupirikitsa. Anawa aika mayi awo dzana, aikenso bambo ali moyo?"

Atsibweni anati, "Nanga akadzatenga mkazi wina, ana n'kumagona ndi njala, tidzafunse yani?"

"Mudzafunse ifeyo. Makomo athu mukuwadziwa."

"Ndiye kuti mwalowa unkhoswe?"

"Talowa."

Atsibweni aja anayang'ana ana anga atatu. Kenaka anati, "Akhale. Alere ana ake." Aleluya! Lero ana anga ndi awo, akhala ndi anzawo kutsogoloku.

Azibambo anzanga, ndikunena ndi inu. Mulungu sanatume mngelo kwa ine. Anatuma amuna anayi a mapazi a fumbi. Akazi athu amadziwana mavuto kuchitsime, ife timangopatsana moni n'kubisa mabala. Ine ndasiya zimenezo, ndipo sindidzabwererako. Ndikuthokoza Yesu, ndikuthokoza abale angawa. Mpingo wonse, kondwerani nane, muombe m'manja!

Chotsala ndi chimodzi. M'mawa mwake, mlandu uja utatha, sindinapite kudimba. Ndinapita kwa mkamwini mnzanga wina, amene mkazi wake wagona nthawi yaitali kuchipatala, nayenso wokhala pafupi ndi chitseko. Ndinati, "Achimwene, mwadzuka bwanji?" Anati, "Ndili bwino."

Ndinakoka mpando.