Ubweya wa Chimbalangondo

Ikakwana 4 koloko madzulo ano, mwana wanga amulowetsa kuseri kwa khola la chimbalangondo kuti apise dzanja pazitsulo. Panopa ndi 3:10. Abwana apatebulo pano papolisi akuti galimoto sinyamuka popanda pepala. Pepalalo ndi ili.

Ine, Nevena Stoilova Dragneva, wa zaka 23, wa m'mudzi wa Dolni Brest, wosenda tsabola kufakitale, ndikunena izi.

Mwana wanga ndi Kalin, wa zaka zinayi. Bambo ake amayendetsa thiraki ku Germany, ine ndimakhala ndi apongozi anga a Tsonka. M'mwezi wa Malichi galu wa aneba anamugwetsa Kalin pansi. Kuyambira tsiku limenelo amachita chibwibwi ndipo amakodza pogona. Adokotala anati zidzatha zokha. Apongozi anati mantha a mwana amachoka pomufukiza ndi ubweya wa chimbalangondo, monga ankachitira kale zimbalangondo zikuvinitsidwa m'midzi. Ndinakana kawiri.

Lero Loweruka tinakwera basi ya 6:40 m'mawa, ine, Kalin, apongozi ndi alamu anga a Rumen. Anandiuza kuti tikungopita kumzinda kukamuonetsa mwana nyama zakutchire. Tinalowa kumalo osungira nyamawo 10 koloko. Foni yanga ndi matikiti apongozi anaika m'chikwama chawo, akuti ine ndimataya zinthu. Tinaona anyani, njovu ndi ngamila.

Cha m'ma 2 koloko tinakhala pabenchi kudya buledi wathu wa banitsa, mamita ngati khumi kuchokera pakhola la chimbalangondo. Ndinaona a Rumen akupereka botolo la kachasu wa rakiya la malita awiri kwa bambo wina wa ovolosi yobiriwira, wandevu zaimvi, amene ankamutchula kuti Spas. Bamboyo anati: "4 koloko, pakhomo lachitsulo lakuseri, ndikamachipatsa chakudya. Chikamadya chimatsamira zitsulo, sichicheuka."

Atachoka ndinafunsa apongozi: "Amayi, khomo lanji limenelo?"

Iwo anati: "Idya zako."

Ndinati: "Ngati ndi ubweya, bambowa asese pansi atipatse."

Iwo anati: "Wapansi ndi zinyalala. Azule yekha mwini mantha, ndi dzanja lake. Ine ndalera anyamata atatu, iwe mmodzi yemweyu wamusandutsa mwanapiye."

A Rumen anaseka n'kunena kuti: "Mlamu, chilombocho n'chokalamba kuposa amayiwa, mano chilibe."

Apongozi anati kwa a Rumen: "Tseka pakamwa iwe."

Ine ndinati: "Ndiye pisani dzanja lanulo, alamu."

Iwo anati: "Wokodza pogona si ine."

Kalin anamva zimenezo. Anasiya kudya.

Ndinamunyamula kuthamangira kugeti. Pafupi ndi dziwe la abakha a Rumen anandipeza, anandipotokola mkono wamanzere mpaka mwana anatsika. Ndinawamenya kumaso ndi fulasiki ya tiyi, ndipo anatuluka magazi m'mphuno. Zimenezo sindikubisa. Mudzandimange mawa.

Panabwera alonda awiri. Apongozi anali atamugwira Kalin kale, ndipo anauza alondawo kuti: "Mpongozi wanga uyu mutu sukuyenda bwino, lero sanamwe mankhwala ake." Ine sindimwa mankhwala aliwonse. Ndinawauza za Spas ndi za khomo lija. Mmodzi anati kwa apongozi: "Pepani agogo, khalani pansi mupume." Wina anandigwira paphewa mpaka kunja kwa geti. Anayang'ana magazi a a Rumen, mkono wanga sanauyang'ane. Nthawi inali 2:40.

Ndinapempha kulowanso, anati tikiti. Ndinapempha foni kuti ndiimbire apolisi, mayi wogulitsa matikiti anatseka windo. Ndinayenda wapansi kufika kuno, mtunda ngati wa kilomita imodzi. Ndinadikira pabenchi panu mphindi khumi ndi zisanu, chifukwa patsogolo panga panali bambo woberedwa njinga.

Khomolo lili kumanja kwa khola, kuseri kwa migolo ya zinyalala, ndi lobiriwira. Kalin wavala jekete yachikasu ndi nsapato zabuluu. Apongozi avala mpango wakuda.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Panopa ndi 3:35. Bwana, tumizani munthu tsopano lino, kaya wapansi. Akafika asayime panja kudikira kuti amve mwana akulira. Kalin akaopa salira, amangochita zimene wauzidwa.

Wosaina: Nevena S. Dragneva